Mwanabere ndi zala za dokotala: zimene achipatala amafufuza akamapapasa khosi, m'khwapa ndi pamimba

Munthu akafika pa chipatala cha ku Ndirande, ku Zingwangwa kapena ku Bangwe ali ndi chotupa pakhosi, amayembekezera kuti adokotala ayang'ana pakhosipo, alemba mankhwala m'buku lake la kuchipatala, iye n'kumabwerera kwawo. N'chifukwa chake ambiri amadabwa, ena mpaka kukhumudwa, akauzidwa kuti avule malaya, akweze mikono, ayasamule, kenako agone chagada kuti awapapase pamimba ndi m'mphechepeche. "Adokotala, komatu vuto langa lili pakhosi pokha pano," amatero bambo wina akuloza ndi chala, uku akukayika kumasula mabatani. Adokotala odziwa ntchito yawo sapsa mtima ndi mawu amenewa, amangoyankha kuti, "Ndamva, bambo, koma chotupachi chili ndi abale ake m'malo ena, ndiye ndiloleni ndikawaonenso." Yankho limeneli n'loona, chifukwa mwanabere sakhala payekha. Ndi kachigawo ka njira yaitali yoyenda m'thupi lonse, ndipo amene wagwira malo amodzi n'kusiya ena onse wamva mbali imodzi yokha ya mlandu.

Magazi akafika m'timitsempha tating'onoting'ono ta m'minofu, madzi ena a m'magaziwo amatuluka n'kukazungulira minofuyo, kuipatsa chakudya ndi kutenga zotsalira. Madziwa sangasiyidwe pomwepo, chifukwa munthu akhoza kutupa thupi lonse, choncho pali timitsempha tina tapadera, topyapyala kwambiri, timene timawatola ndi kuwabwezera m'magazi. Akalowa m'timitsempha timeneti amatchedwa limfi, ndipo pa tsiku amayenda malita angapo. Alibe mtima wowapopa monga magazi. Amakankhidwa ndi minofu pamene munthu akuyenda kapena kupuma, ndipo m'kati mwa timitsemphato muli tizitseko totsegukira mbali imodzi kuti madzi asabwerere m'mbuyo. Dokotala wa ku Italy, Gaspare Aselli, anaona timitsempha timeneti m'chaka cha 1622 m'mimba mwa galu amene anali atangodya kumene, titadzaza madzi oyera ngati mkaka chifukwa cha mafuta a chakudya. Limfi wochokera m'miyendo, m'mimba ndi mbali ya kumanzere ya chifuwa ndi mutu amakumana mu mtsempha umodzi waukulu wokwera m'chifuwa, umene umakathira m'magazi m'munsi mwa khosi chakumanzere. Malo amenewa tiwasunge m'mutu, pakuti tibwererako.

M'njira monsemo muli timfundo tooneka ngati nyemba, tokwana 500 kapena 600 mwa munthu wamkulu, todzaza ndi asilikali a m'thupi. Limfi safika m'magazi asanadutse m'timfundoti, ndipo m'menemo ndi mmene mumakodwa tizilombo toyambitsa matenda, ngakhalenso maselo a khansa. Nkhondo ikabuka asilikali amachulukana, kamfundo kamafufuma, ndipo apa m'pamene ife timati munthu wachita mwanabere. Timfundo tambiri tili m'kati mwa chifuwa ndi m'mimba momwe zala sizifika, koma ta pakhosi, ta m'khwapa, ta pachigongono, ta m'mphechepeche ndi ta kuseri kwa bondo tili pansi pa khungu penipeni. Gulu lililonse lili ndi dera lake limene limalandira madzi ake. Munthu woima pa mlatho wa mtsinje wa Mudi ku Blantyre akaona madzi asintha mtundu sakalipira mlathowo, koma amafunsa zimene zatayidwa kumtunda, kaya ku Makata kaya m'mbali mwa Nasolo ku Ndirande. Dokotalanso akapeza mwanabere amayang'ana kumtunda kwake. Wa m'mphechepeche amamutuma kuphazi, kumwendo ndi kumaliseche, wa m'khwapa amamutuma kudzanja ndi kubere, pamene wa pansi pa nsagwada amamutuma m'kamwa.

Anabere ambiri ndi a mtundu umene aliyense anakula akuudziwa. Mwana wapunthwa chala posewera mpira, chilonda chalowa dothi, ndipo patapita masiku awiri akuyenda motsimphina chifukwa m'mphechepeche mwatuluka kachotupa kopweteka. Chipere cha m'mutu chimatupitsa ta pankhongo, dzino lobooka ndi zilonda za pakhosi zimatupitsa ta pansi pa nsagwada, mphere ndi matekenya nazonso zimachita chimodzimodzi m'madera mwake. Mwanabere wotere amapweteka, ndi wofewa, amasuntha pansi pa chala, ndipo chilonda chikapola iyenso amaphwa m'masabata awiri kapena atatu. Ana aang'ono ambiri amakhala ndi timfundo togwirika pakhosi popanda vuto lililonse, chifukwa chitetezo chawo chikukumana ndi tizilombo tatsopano pafupifupi mwezi uliwonse. Chovuta n'chakuti chizolowezi chimenechi chinatiphunzitsa kuopa chotupa chopweteka ndi kunyalanyaza chosapweteka, pamene kuchipatala zinthu zimayenda mosiyana. Chotupa chimene chikukula mwakachetechete, osasowetsa munthu tulo, ndicho chimadetsa nkhawa kwambiri amene akudziwa.

Zala zisanayambe ntchito, pamafunika mafunso. Chotupacho chinayamba liti, chikukula kapena chaima, chilipo chimodzi kapena wodwala waonanso zina? Dokotala amafunsa za kutentha thupi kwa nthawi yaitali, za thukuta la usiku lonyowetsa zofunda mpaka kudzuka kukasintha, ndi za kuonda. Popeza anthu ambiri sadziwa sikelo yawo, funso lothandiza limakhala lakuti, "Mayi, siketi imene munkavala chaka chatha ikukukwanani bwanji?" Kutaya gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi m'miyezi isanu ndi umodzi ndi chizindikiro chachikulu. Amafunsanso za chifuwa, ngati m'nyumba muli wina amene anadwalapo TB, ngati wodwala anayezetsapo magazi ndi liti, komanso ngati chakudya chikumatsamwa pomeza. Ulendo nawo uli ndi ntchito yake, chifukwa munthu wochokera kufupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu kapena Vwaza Marsh, kumene kuli kashembe, akhoza kukhala ndi matenda a kaodzera, amenenso amatupitsa timfundo. Funso limene ndimaona kuti lisamadumphidwe ndi la mankhwala amene munthu wamwa kale asanabwere, a m'golosale ndi a kwa asing'anga omwe, ndipo liyenera kufunsidwa mosakalipa kuti wodwala anene zoona.

Popima khosi, wodwala amakhala pa mpando, dokotala n'kuima kumbuyo kwake atasamba m'manja. Amayamba wayang'ana kaye pamalo owala bwino, kuona ngati mbali ziwiri za khosi zikufanana, ngati khungu lafiira kapena lili ndi kabowo kotuluka mafinya, ndiponso ngati pali zipsera zakale. Kenako amauza wodwala kuti aweramitse mutu pang'ono kuti minofu ifewe, ndipo amapapasa ndi mimba za zala zitatu zapakati, osati ndi nsonga, akuzunguliza khungu pang'onopang'ono pamwamba pa minofu ndi mafupa. Ambiri amayambira pansi pa chibwano, kutsata nsagwada mpaka pakona pake, kukwera kutsogolo kwa khutu, kuseri kwa khutu ndi pankhongo, kenako kutsika kutsogolo ndi kumbuyo kwa mnofu waukulu uja umaonekera munthu akacheuka. Dongosolo likhoza kusiyana pakati pa amene anaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences ndi amene anaphunzira ku Malawi College of Health Sciences, koma chofunika n'chakuti munthu akhale ndi njira imodzi yosasintha, kuti tsiku la mzere wautali asadumphe malo. Safinya mbali zonse ziwiri za khosi mwamphamvu nthawi imodzi, makamaka kwa agogo, chifukwa pamenepo pamadutsa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo. Amayeneranso kusiyanitsa mwanabere ndi zotupa zina za pamalopo. Chithokomiro chimakwera ndi kutsika munthu akameza malovu, pamene matsagwidi amatupitsa kutsogolo ndi pansi pa khutu.

Chala chikagunda kamfundo, ntchito yeniyeni ndiye yayamba, chifukwa kunena kuti "pali chotupa" sikuthandiza aliyense. Kukula kwake kumayezedwa ndi rula, osati kungoyerekeza. Mwa munthu wamkulu, kamfundo kopitirira sentimita imodzi kamatengedwa kuti katupa, ngakhale kuti m'mphechepeche amalola mpaka masentimita 1.5, poti anthu amene anakula akuyenda osavala nsapato anavulala kumapazi kambirimbiri ndipo timfundo tawo tinatsala tokulirapo. Kenako pamabwera kulimba kwake, kumene palibe makina a pa chipatala chaching'ono angakuyeze kuposa dzanja lozolowera. Kofewa ndi kopweteka kamaloza ku tizilombo tolowera pachilonda. Kolimba koma kobwerera ngati labala, kosalala ndi kosapweteka, kamakumbutsa khansa ya m'timfundo momwemo, imene imatchedwa lymphoma. Kolimba gwa ngati mwala, kokana kusuntha chifukwa kamatirira ku minofu ya pansi pake, nthawi zambiri kamatanthauza khansa yochokera ku chiwalo china. Timfundo tingapo tomatana pamodzi, moti chala sichingalowe pakati pake, timapezeka kwambiri mu TB, ndipo tikakhalitsa pakati pake pamafewa ngati papaya lakupsa, koma khungu osatentha monga limachitira pa chithupsa wamba. Zizindikirozi si chigamulo, popeza TB ikhoza kulimba ndipo lymphoma ikhoza kumatana, koma zimauza dokotala kuti athamange kapena adikire.

Tsopano tibwerere ku malo aja a m'munsi mwa khosi. Pamwamba pa fupa lopingasa lochokera pachifuwa kupita paphewa pali kadzenje, ndipo dokotala amalowetsamo zala n'kuuza wodwala kuti akoke mpweya kwambiri. M'kadzenje kameneka simuyenera kugwirika kanthu, choncho kamfundo kalikonse kopezeka m'menemo, ngakhale kochepa ngati khobwe, kamafunika kufufuzidwa. Ka kumanzere kamadziwika ndi dzina la Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany amene anakafotokoza m'chaka cha 1848, ndipo kufunika kwake kumachokera pa mtsempha waukulu uja wonyamula limfi wa m'mimba monse. Khansa ya m'chifu kapena ya chiwalo china cha m'mimba ikhoza kutumiza maselo ake m'njira imeneyi n'kukaonekera pakhosi munthu asanadandaule kwenikweni za m'mimbamo. Kuno kwathu, kumene khansa ya kummero ndi ya khomo la chiberekero zili m'gulu la khansa zofala kwambiri, kadzenje kameneka sikoyenera kudumphidwa kwa munthu aliyense amene akuonda popanda chifukwa chodziwika.

M'khwapa mumafuna ulemu ndi luso. Dokotala amanyamula mkono wa wodwala pa mkono wake kuti minofu ya paphewa ileke kukungika, n'kulowetsa zala mpaka pamwamba penipeni pa khwapa, kenako kuzitsitsa akukanikiza pa nthiti, kutsogolo, kumbuyo ndi mbali ya mkono. Akapeza kamfundo kolimba mwa mayi, kupima sikunathe mpaka mabere onse awiri atapimidwa, ndipo ndi ufulu wa mayiyo kuti namwino kapena mayi mnzake akhalepo m'chipindamo. Mwa khanda, kamfundo ka m'khwapa la mbali imene linabayidwa katemera wa BCG, woteteza ku TB, kakhoza kutupa m'miyezi yoyambirira, ndipo nthawi zambiri kamaphwa kokha. Pamwamba pang'ono pa chigongono chakumkati pali kamfundo kena kamene ambiri amakaiwala. Kakapitirira theka la sentimita m'mikono yonse iwiri, popanda chilonda kudzanja, kamaloza ku matenda a thupi lonse monga HIV, chindoko kapena lymphoma.

M'mphechepeche ndi malo amanyazi, ndipo manyazi amenewa, a wodwala ndi a dokotala omwe, abisa matenda ambiri. Timfundo ta pamenepa tili m'mizere iwiri, wina wopingasa wolandira kuchokera kumaliseche, kumatako ndi m'munsi mwa mimba, wina wotsika ndi ntchafu wolandira kuchokera kumwendo. Matenda opatsirana pogonana amene anthu amati mabomu amatupitsa mzere wopingasawo mpaka kuphulika mafinya, pamene chindoko chimabweretsa timfundo tolimba tosapweteka. Si chotupa chilichonse cha pamenepa chimene chili mwanabere. Matumbo otulukira pa malo ofooka a khoma la mimba amakankha chala munthu akatsokomola ndipo amabwerera m'kati akagona, n'chifukwa chake adokotala amati, "Tatsokomolani, bambo," dzanja lili pomwepo.

Kugona chagada kuja n'chifukwa cha kapamba ndi chiwindi. Kapamba amene tikunena pano ndi uja amatupa mwa ana odwaladwala malungo, amene amakhala kumanzere kuseri kwa nthiti zam'munsi. Iyenso ndi nyumba ya asilikali a m'thupi, kungoti amasefa magazi osati limfi. Kapamba wabwinobwino sagwirika, ndipo amayenera kukula kawiri kapena katatu kuti nsonga yake ituluke pansi pa nthiti. Popeza amakula cholowera kumchombo ndi kupitirira, dokotala amayambira kutali, m'munsi mwa mimba chakumanja, n'kumasendera pang'onopang'ono chakumanzere, akuuza wodwala kuti, "Pumirani m'kati kwambiri," kuti kapambayo atsike adzagunde zala yekha. Woyambira pafupi ndi nthiti akhoza kukhazika dzanja pamwamba pa kapamba wamkulu osazindikira kuti wadutsa kale malire ake. Kawirikawiri mphini zotemedwa kumanzere kwa mimba ya mwana zimakhala zanena kale nkhani yonse dzanja lisanafike, chifukwa makolo anaona kutupako kalekale. Malungo obwerezabwereza ndi likodzo la m'matumbo ndizo zimakulitsa kapamba kwa anthu ambiri kuno, koma kapamba wamkulu pamodzi ndi anabere m'malo angapo, kuchepa kwa magazi ndi kukha magazi m'nkhama zimafuna kuti magazi akayezedwe msanga, poopa khansa ya m'magazi.

Mu Blantyre, monga m'dziko lonse, matenda atatu ndiwo amakhala m'maganizo a dokotala akagwira mwanabere wokhalitsa, ndipo vuto lake n'lakuti atatuwa amafanana nkhope komanso amatha kukhala mwa munthu mmodzi. Oyamba ndi HIV. Timfundo topitirira sentimita imodzi, m'malo awiri kapena kuposerapo osawerengera m'mphechepeche, tokhala kupitirira miyezi itatu, tofanana mbali zonse ziwiri ndiponso tosapweteka, ndi chizindikiro chodziwika cha kachilomboka pamene munthu akadali ndi mphamvu zake zonse. Bungwe la World Health Organization limaika chizindikirochi m'gawo loyamba la matendawa. Kale uthenga umenewu unali wowawa kuupereka, koma kuyambira 2004 ma ARV amaperekedwa ulere m'zipatala za boma, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira kuti chitetezo chitsike. Motero kuyezetsa magazi ndi gawo la kupima mwanabere aliyense wokhalitsa, ndipo wodwala asaone ngati akumuganizira zoipa. Amene angoyamba kumene ma ARV adziwenso kuti m'masabata oyambirira timfundo tikhoza kutupa kwambiri, chifukwa asilikali amene adzuka ayamba kulimbana ndi TB imene inabisala. Zikatero munthu abwerere kuchipatala, osasiya mankhwala payekha.

Achiwiri ndi TB yomweyo. Dzina lakuti chifuwa chachikulu limasokeretsa anthu ena, amene amakana kuti sangakhale ndi TB poti sakutsokomola, chonsecho matendawa amakhalanso kunja kwa mapapo, ndipo timfundo ta pakhosi ndi amodzi mwa malo amene amakonda kwambiri. Chotupacho chimakula kwa masabata kapena miyezi, chimamatana, chimafewa, ndipo chikasiyidwa chimaboola khungu n'kumatuluka mafinya osatha. Njira yotsimikizira ndi yosavuta monga ambiri amaganizira. Dokotala amabaya chotupacho ndi singano n'kukoka timadzi, ndipo nthawi zina maso okha amaona zinthu zoyera zokhuthala ngati chambiko. Timadzito timapita pa galasi loonera tizilombo kapena m'makina a GeneXpert, amene m'maola awiri okha amatha kuonetsa TB ndi kunenanso ngati ikumva mankhwala a rifampicin. Mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ofanana ndi a TB ya m'mapapo, ndipo amachiritsa.

Achitatu ndi lymphoma, ndipo apa m'pamene mtima wanga umawawa. Kutentha thupi, thukuta la usiku, kuonda ndi zotupa za pakhosi ndi zizindikiro za TB, komanso ndi zizindikiro zomwezo za lymphoma, kuphatikizapo mtundu umene dokotala Thomas Hodgkin anaufotokoza ku London m'chaka cha 1832. Popeza TB ndiyo yofala, ndipo mankhwala ake ali pafupi, n'zosavuta kuyambitsa munthu mankhwala a TB popanda umboni n'kumuiwala. Ndinaonapo mayi wina wa kwathu akumwa mankhwalawo mokhulupirika mwezi ndi mwezi, buku lake likudindidwa bwinobwino, pamene chotupa chimene chinayamba ngati mtedza chinafika ngati dzira la nkhuku, n'kutulukanso china m'khwapa. Palibe amene anamuvulanso malaya kapena kuyeza chotupacho ndi rula, poti dzina la matenda linali litalembedwa kale. Ine ndimaona kuti kuyamba mankhwala a TB popanda umboni nthawi zina n'koyenera, makamaka wodwala akafooka kwambiri, koma amene wachita zimenezi wasenza ngongole yopimanso munthuyo pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Ngati sikelo sikukwera, thupi likutenthabe ndipo chotupa chikukulabe, pamafunika kudula kamfundo kathunthu n'kukatumiza kwa akatswiri oona minofu pa galasi, ntchito imene kuno imachitikira ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi ku labotale za sukulu ya madokotala. Singano yokha imaphonya lymphoma kawirikawiri, chifukwa katswiri amafuna kuona mamangidwe a kamfundo konse. Pa chifukwa chomwechi mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone asamamwedwe mwachisawawa, poti amaphwetsa lymphoma kwa kanthawi ndi kusokoneza zimene katswiriyo akanaona, matenda akupitirira pansi.

Kwa ana kuli mtundu wina wa lymphoma umene sudikira. Dokotala Denis Burkitt anaufotokoza ku Uganda m'chaka cha 1958, chaka chomwe chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegulidwa, ndipo pofufuza matenda omwewa asayansi anatulukira kachilombo ka Epstein-Barr m'chaka cha 1964. Matendawa amapezeka kwambiri m'madera a malungo ambiri, ndipo ali m'gulu la khansa zofala kwambiri mwa ana a m'Malawi. Amakonda nsagwada, kuseri kwa diso ndi m'mimba, ndipo chotupa chake chikhoza kuwirikiza kukula kwake m'tsiku limodzi kapena awiri. Mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri amene tsaya lake latupa mofulumira, mano akugwedera koma osamva ululu wofanana ndi kukula kwa chotupacho, sayenera kuzulidwa dzino n'kubwezedwa kunyumba. Khansa imeneyi imamva mankhwala mofulumira monga momwe imakulira, ndipo madokotala a ana a ku Queen Elizabeth, kuphatikizapo Pulofesa Elizabeth Molyneux, anagwira ntchito zaka zambiri kusonyeza kuti ana ambiri akhoza kuchira ngakhale ndi mankhwala ochepa amene dziko lathu lingakwanitse, malinga afike msanga.

Mbali yotsala ya kupimaku ndi ya timitsempha tokhatokha, pamene njira yatsekeka ndipo madzi akusowa kolowera. Dokotala amadina chala chachikulu pa fupa la msongolo kwa kanthawi n'kuchotsa. Miyendo yonse iwiri ikatsala ndi dzenje, maganizo amapita ku mtima, impso, chiwindi kapena kuperewera kwa zakudya m'thupi. Koma mwendo umodzi wolemera, wa khungu lokhuthala losalola kutsinidwa pamwamba pa chala chachiwiri cha phazi, umaloza ku limfi. Mu mzinda muno choyambitsa chodziwika ndi khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma, imene imaumitsa mwendo ngati thabwa n'kutulutsa timabala takuda, ndipo amene waikayikira amayang'ananso m'kamwa chakumwamba, kumene timabala tomweto timabisala. Kwa anthu ochokera ku Chikwawa, ku Nsanje kapena ku Karonga pali matenda a tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, timene timakhala m'timitsempha ta limfi n'kutupitsa miyendo, ndipo kwa abambo timayambitsa phudzi. Pambuyo pa zaka zogawa mankhwala a ivermectin ndi albendazole m'midzi, m'chaka cha 2020 World Health Organization inatsimikiza kuti Malawi wathetsa matendawa ngati vuto la dziko, koma amene anatupa kale akadali pakati pathu. Iwowa amathandizika ndi zinthu zapafupi, monga kutsuka mwendo ndi sopo tsiku lililonse, kuumitsa bwino pakati pa zala, kuukweza pogona ndi kuvala nsapato, chifukwa kachilonda kalikonse kolowetsa tizilombo kamawononganso timitsempha totsalato. Mayi amene anachotsedwa timfundo ta m'khwapa pa opaleshoni ya khansa ya m'mawere amasamala mkono wake mofananamo.

Kupima konseku, kuchokera pansi pa chibwano mpaka kuseri kwa bondo, kumatenga mphindi zochepa kwa munthu wozolowera, ndipo sikufuna magetsi kapena makina. Ndikudziwa kuti pa benchi pamakhala anthu ochuluka, dokotala ali mmodzi, ndipo chipinda china chilibe ngakhale katani yoti munthu avulire. Komabe si wodwala aliyense amene amafunika zonsezi, ndipo amene ali ndi chotupa chokhalitsa ndi woyenera mphindi zimenezo. Mwanabere mmodzi wofewa, wokhala ndi chilonda chooneka kumtunda kwake, amapatsidwa mankhwala a chilondacho n'kupatsidwa masabata atatu kapena anayi. Wolimba, wosasuntha, wopitirira masentimita awiri, wa m'kadzenje ka pamwamba pa fupa la paphewa, kapena wobwera ndi kuonda ndi thukuta la usiku, sapatsidwa nthawi yodikira. Pa zonse ziwirizi, m'buku la kuchipatala muyenera kulembedwa malo ake, kukula kwake m'masentimita, kulimba kwake ndi tsiku lobweranso, chifukwa mwina amene adzaone wodwalayo ulendo wotsatira adzakhala wina, pa chipatala china, ndipo adzadziwa ngati chotupa chakula pokhapokha atapeza nambala yoyerekeza nayo. Wodwala nayenso ali ndi ufulu wofunsa asanatuluke kuti, "Adokotala, mwapeza masentimita angati, ndipo ndibwerenso liti?"